Chotupa cha impso chimene anachiyesa kapamba: lipoti la mwana wa zaka 3

Lipoti ili ndi la mwana wamkazi amene anafika m'wodi yathu ali ndi zaka 3 ndi miyezi 5, mimba ili tantha koma miyendo ngati tibango. Ine ndine namwino wa m'wodi ya ana odwala khansa, ndipo ndikulembera makamaka anamwino anzanga ndi azachipatala a m'maboma, amene ana otere amayamba kudutsa m'manja mwawo asanafike kwa ife. Dzina la mwana, mudzi wake ndi zipatala zimene anapitako sinditchula. Mayi ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe.

Matenda ake si achilendo. Chotupa cha Wilms, khansa ya impso imene imagwira kwambiri ana osafika zaka 5, timachiona kawirikawiri, ndipo kumayiko olemera ana pafupifupi 9 mwa 10 alionse amachira. Chandilembetsa ndi china. Nditabwerera m'fayilo yake n'kuwerenga zimene tinkasankha tsiku ndi tsiku, ndinaona kuti zambiri sitinazipeke tokha. Zinachokera mu kafukufuku amene Dr Trijn Israels, dokotala wa ana wa ku Netherlands, anachita pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pamodzi ndi Professor Elizabeth Molyneux ndi anzawo a kuno kwathu. Ngakhale pamalo pamene tinapunthwa, kafukufuku wawoyo anali atalozapo kale chala.

Miyezi itatu asanafike kwa ife

Mayi ake anakhudza chinthu cholimba kumanzere kwa mimba pomusambitsa, m'mwezi wa Ogasiti. Mwana sankalira, ankasewera ngati kale. Agogo ake atamugwira anati ndi kapamba, ndipo kudera kumene malungo sachoka, yankho limeneli silinadabwitse munthu. Kuchipatala chaching'ono anamuyeza malungo, anapezekadi nawo, anamupatsa LA ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Malungo anatha, chotupa chinatsala. Kumudzi anamutema mphini pamalopo, ndipo zipsera zake tinazipeza zili mndandanda pansi pa nthiti.

Patatha mwezi mkodzo unayamba kufiira. Anabwereranso kuchipatala komwe kuja, anauzidwa kuti ndi likodzo, anapatsidwa praziquantel. Sindikuwaweruza anzathuwa. Malungo analipodi, mudziwo uli pafupi ndi dambo, ndipo pa benchi panali anthu ochuluka odikira. Koma m'buku la kuchipatala la mwanayu, maulendo awiri onsewo, palibe pamene panalembedwa kuti wina anamugoneka n'kugwira mimba.

Amene anamugoneka ndi clinical officer wa pa chipatala cha boma, ulendo wachitatu, Novembala atangoyamba. Zimene analemba n'zoyenera kuzibwereza pano, poti ndi zimene zimasiyanitsa ziwirizi popanda makina alionse. Kapamba wotupa amatsika mwana akamakoka mpweya, amalowera chakumchombo, ndipo m'mphepete mwake mumamveka kampata. Chotupa cha impso chimadzaza m'mbali mpaka kumsana. Ukaika dzanja limodzi kumbuyo, lina kutsogolo, n'kukankha pang'ono, chimagunda dzanja linalo. Iye anamva zimenezo, anajambula ndi sikani, n'kutitumizira mwana pa ambulansi ya mawa lake.

Zimene tinapeza

Sikani yathu inaonetsa chotupa chochokera mu impso ya kumanzere, chotalika masentimita 14. Impso ya kumanja inali bwino, chiwindi bwino, ndipo chotupa chinali chisanalowe mu mtsempha waukulu wa magazi. X-ray ya pachifuwa sinaonetse kuti chafalikira kumapapo. Magazi anali otsika, Hb 7.6. BP inali yokwera poyerekeza ndi msinkhu wake, zimene zimachitika kawirikawiri ndi chotupa chimenechi. Analibe HIV. Madokotala anaganizirako za khansa zina za ana: Burkitt, imene ikagwira impso nthawi zambiri imagwira zonse ziwiri, komanso neuroblastoma, koma msinkhu ndi chithunzi cha sikani zinaloza ku Wilms. Motsatira ndondomeko ya SIOP, bungwe la padziko lonse la akatswiri a khansa ya ana, sitinadule kachidutswa kokayeza. Mankhwala ofwetsa chotupa amayamba, opaleshoni imabwera pambuyo.

Tsopano za sikelo. Mwana analemera makilogalamu 12.4, kutalika masentimita 92. Pa tchati cha kulemera ndi kutalika anali pabwino ndithu, ndipo wophunzira unamwino amene anamulandira analemba kuti sali wonyentchera. Sanalakwitse masamu. Kungoti sikelo siidziwa kusiyanitsa mwana ndi chotupa. Titamukulunga tepi pa mkono inaima pa masentimita 11.1, pofiira, pansi pa 11.5 pamene timati mwana wanyentchera kwambiri.

Tepi imeneyi tonse timaidziwa kuchokera kusikelo ya ana ndi ku NRU, wodi ya ana onyentchera. Kuti ikhale chinthu chimene mwana aliyense wa khansa amayezedwa nacho tsiku lofika, ndi ntchito ya Dr Israels ndi anzake. Mu 2008 anatulutsa zotsatira za ana amene anagonekedwa ndi khansa ku Blantyre: poyeza mkono, oposa theka anapezeka onyentchera, pamene kulemera ndi kutalika kunangogwirako ochepa. Chaka chotsatira anatulutsa zina ziwiri. Choyamba, ana a Burkitt onyentchera asilikali awo a m'magazi amatsika kwambiri akalandira mankhwala kusiyana ndi anzawo. Chachiwiri chinali cha ana a Wilms, ndipo chinanena poyera kuti chiponde chili ndi malo ake m'wodi ya khansa. Masiku ano zikumveka ngati zodziwikiratu. Anamwino amene anayamba ntchito ine ndisanabwere amanena kuti kale chiponde chinali cha ku NRU basi, mwana wa khansa ankadya zimene gadiyani wapeza.

Kudyetsa

Tinamuyesa ngati angadye, ndipo anadya chiponde pang'ono n'kukankha dzanja. Chotupa chinkapanikiza chifu moti masupuni atatu ankamukhutitsa. Paketi imodzi ya chiponde ndi magalamu 92 ndipo imapereka mphamvu yokwana ma kcal 500, choncho paketi iliyonse yotsala ndi chakudya chachikulu chotayika kwa mwana wa msinkhu uwu. Tinagwirizana ndi a zakudya kuti azidya pang'onopang'ono maola awiri alionse, ndi mkaka wa kuchipatala pakati pake. Masiku oyamba sitinafulumire, poti thupi lanjala ukaliunjikira chakudya mwadzidzidzi mchere wa m'magazi umasokonekera.

Tinatchulako za chubu cha m'mphuno. Mayi anakana nkhope itagwa. Aliyense wogwira ntchito m'wodi ya ana akudziwa chifukwa chake: makolo amaona kuti ana amene amaikidwa chubu kapena oxygen ndi amene amamwalira, ndiye amati chubucho ndicho chimapha. Sitinakakamize. Tinapangana kuti akalephera kumaliza mapaketi awiri patsiku kwa masiku atatu tidzakambirananso.

Pa tchati mapaketi ankatha, koma mwana sankasintha. Tsiku lachisanu ndinapeza chifukwa chake. Mayi anabwera ndi khanda la miyezi 9 kumbuyo, ndipo theka la chiponde linkalowa m'kamwa mwa khandalo, chinanso mwa mayi mwini, amene ankayamwitsa atangodya kamodzi patsiku. Mawu akuti chiponde ndi mankhwala, sagawana, timawanena tsiku lililonse, koma kuwanena kwa mayi wanjala amene ali ndi ana awiri pa bedi limodzi n'kungotaya malovu. Tinamulembetsa kuti azilandira chakudya cha magadiyani, khanda tinalipezera phala la Likuni, ndipo kuyambira pamenepo tchati chinayamba kunena zoona.

Mlingo wa mankhwala

Apa panali kusagwirizana pa raundi. Ndondomeko ya chotupa chimene sichinafalikire ndi masabata 4 a mankhwala a khansa awiri: vincristine sabata iliyonse, ndi actinomycin D sabata yoyamba ndi yachitatu. Mwana wosakwana makilogalamu 12 amapatsidwa magawo awiri mwa atatu a mlingo. Wathuyu sikelo inati 12.4. Dokotala wachinyamata amene anali nafe anati apatsidwe mlingo wonse, chifukwa chotupa chinali chachikulu ndipo kuchepetsa mankhwala n'kuchipatsa mpata. Maganizo ake sanali opusa.

Dokotala wamkulu anafunsa funso limodzi, kuti pa makilogalamu 12.4 amenewo, a mwana ndi angati. Kenako anakumbutsa za kafukufuku wa 2010, pamene gulu la Dr Israels linayeza vincristine m'magazi a ana a Wilms a ku Malawi n'kuyerekeza ndi ana a ku UK. Ana athu onyentchera, a zotupa zazikulu, thupi lawo linkachedwa kuchotsa mankhwalawo, kutanthauza kuti mlingo womwewo umakhalitsa m'thupi n'kupweteka kwambiri. Malangizo a SIOP a mayiko osauka amene anatuluka mu 2013, amene Dr Israels anatsogolera nawo polemba, amalola kuyamba ndi mlingo wochepa kwa mwana wonyentchera kwambiri, n'kudzakweza akalimba. Tinayamba ndi magawo awiri mwa atatu.

Ndinene maganizo anga. Makafukufuku amenewa anali a ana ochepa, ndipo pa mlingo weniweni woyenera mwana aliyense payekha pamafunikabe nzeru za dokotala amene wamugwira. Koma kwa ife amene tilibe ICU yodikirira mwana aliyense, ndiponso magazi ndi ma platelet, tizigawo toundanitsa magazi, sapezeka nthawi yomwe wawafuna, mwana amene wafa ndi mankhwala sabata yachitatu sadzafika ku fiyeta. Zimene zinachitika pa tsiku la 24 chiyambireni mankhwala zinandichititsa kukhulupirira kuti mlingo wonse akanapita nawo.

Zina zinali za masiku onse. Ululu tinauletsa ndi morphine wakumwa, ndipo poti morphine ndi vincristine onse amamanga m'mimba, mankhwala ofewetsa chimbudzi tinayamba tsiku lomwelo osadikira kuti adzimbidwe. BP inatsika ndi mankhwala. Anaikidwa magazi kamodzi asanayambe.

Usiku wa tsiku la 24

Ndinali pa naiti ine. Patapita masiku 9 chilandirireni actinomycin wachiwiri, nthawi yeniyeni imene asilikali a m'magazi amakhala atatsikiratu. Mayi anamva mwana akutentha cha m'ma 9 koloko. Sananene. Ndinamupeza poyendera mabedi cha m'ma 11, thupi lili pa 38.7.

Mmawa mwake ndinamufunsa chifukwa chake anakhala chete.

"Ndinaona muli nokha, asisita. Ndinati ndisakuvutitseni, ndingomufunditsa chonyowa."

Zimenezi zinalembedwa kale. Mu 2008 momwemo, gulu la Dr Israels lomwe lija linakhala pansi ndi magadiyani a ana a khansa ku Blantyre n'kuwafunsa zimene zimawavuta. Anatchula ndalama ya ulendo, chakudya, kusiya munda ndi ana kunyumba, komanso zinaoneka kuti ambiri amachita manyazi ndi mantha kufunsa azachipatala. Ife tinali titamuuza mayiyu tsiku loyamba kuti mwana akatentha anene msanga. Tinamuuza kamodzi, pakati pa zinthu makumi awiri, iye atangomva kumene kuti mwana wake ali ndi khansa.

Maola awiri amenewo ndi a mayi. Otsatirawa ndi anga. Lamulo ndimalidziwa: mwana wa pa chemo (mankhwala a khansa) akatentha, antibiotic alowe pasanathe ola limodzi, osadikira labu. Koma kanula inali itatupa, mitsempha itathawa, ndipo ndinabaya katatu osapeza. Dokotala wa pa kolo anali ndi mwana wina wokomoka kolandirira odwala. Ndinayeza malungo, analibe. Nditapeza mtsempha ndinatenga magazi n'kutumiza ku labu, kenako ndinadikira kuti dokotala abwere adzalembe mankhwala, chifukwa nthawi imeneyo namwino sankayamba antibiotic wa mumtsempha popanda cholembedwa. Ndinaimba kawiri. Ceftriaxone analowa nthawi ili 3:40 m'bandakucha.

Pofika nthawi imeneyo manja ndi mapazi zinali zitazizira, mtima ukuthamanga, ndipo ukatsina chala magazi ankatenga masekondi 4 kuti abwerere. Labu inati asilikali a m'magazi otchedwa ma neutrophil ali pa 0.3, pansi pa 0.5 pamene timati mwana alibe chodzitetezera. Dokotala atafika anawonjezera antibiotic wina, gentamicin. Madzi a diripi tinapereka mosamala, pang'onopang'ono, tikumvera chifuwa, chifukwa mtima wa mwana wonyentchera ndi wochepa magazi sulandira madzi ambiri nthawi imodzi. Hb inali itatsikanso, ndipo mwamwayi magazi a gulu lake analipo. Shuga tinayeza kawiri usikuwo. Gentamicin sitinamupitirize masiku ambiri, poganizira kuti impso imene itsale ndi imodzi ndipo tiyenera kuisunga.

Kutentha kunatsika tsiku lachitatu. Tsiku lachisanu anapempha nsima.

Kafukufuku wa SUCCOUR, amene Dr Israels anatsogolera m'zipatala zingapo za mu Africa kuphatikizapo Blantyre, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anaonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira m'miyezi itatu yoyamba samwalira ndi khansa yeniyeniyo, koma ndi zotsatira za mankhwala, kuphatikizapo matenda olowa pamene asilikali atsika. Ndinali nditamvapo zimenezi pa msonkhano wa m'wodi. Kumva pa msonkhano masana ndi kuima wekha pa bedi usiku, foni ikungoitana, n'zosiyana.

Titakambirana za usikuwu tinasintha zinthu zitatu. Madokotala analemba chilolezo chokhazikika kuti mwana wa pa chemo akatentha namwino apereke ceftriaxone woyamba, mlingo wake utalembedwa kale pachikuto cha fayilo. Mtsempha ukakanika kawiri, mlingo woyambawo ulowe mwa njira ina imene dokotala wavomereza pa foni, osangokhala. Ndipo tsiku lililonse lopereka chemo timamufunsa gadiyani kuti atiuze yekha chimene achite mwana akatentha usiku, mpaka anene ndi pakamwa pake kuti andidzutsa ngakhale ndikuoneka wotopa.

Amalume

Pofika sabata yachisanu chotupa chinali chitafwa kufika masentimita 10, mkodzo utayera, mwana akuthamangitsana ndi anzake pakhonde. Kunja mvula yodzalira inali itagwa. Nthawi yoopsa kwambiri pa chithandizo chonse ndi imeneyi, chifukwa m'maso mwa abale mwana wachira.

Bambo ake anabwera Loweruka ndi uthenga. Kwawo ndi kwa chikamwini, ndipo mwini mbumba, mlongo wake wamkulu wa mayi, anati mwana abwerere. Zifukwa zinali zitatu: munda wa mayi sunadzalidwe, mwana anatsala pang'ono kufera m'chipatala momwemo, ndipo munthu wochotsedwa impso sakhalitsa, akakhalanso ndi moyo sadzabereka. Bambo anali wofatsa. Anati iye pa mwanayu alibe mawu omaliza. Ife pepala lovomereza opaleshoni tinali titakonzera mayi ndi bambo, ndipo munthu amene ankagwira chingwe tinali tisanamufunse n'komwe dzina.

Ichi ndi chimene ndingauze aliyense wolandira mwana wa khansa: tsiku loyamba funsani kuti pa mwanayu amagamula ndani, mulembe nambala yake.

Pa foni amalume anangomva, osayankha zambiri. Tinawapempha abwere adzaone okha, ndipo thumba la wodi lothandiza maulendo linalipira minibasi. Ndalama ya ulendo imeneyi ena amaiona ngati chifundo chapadera, koma ndi mbali ya chithandizo monga vincristine. Pamene zipatala za ku Malawi, Ghana, Cameroon ndi mayiko ena zinagwirizana mu 2014 kuti zizichiza Wilms ndi ndondomeko imodzi, ntchito imene Dr Israels anali mmodzi wa oitsogolera, zinaikamo dala chakudya, ndalama ya ulendo ndi kulondola odwala. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2018 zinaonetsa kuti ana omaliza chithandizo ali moyo opanda chotupa anakwera kuchoka pa 52 kufika pa 68 mwa 100 alionse. Osiyira panjira anatsika kuchoka pa 23 kufika pa 13, omwalira ali pa chithandizo kuchoka pa 21 kufika pa 13. Panalibe mankhwala atsopano amene anatulukira. Anali omwewa a kale.

Amalume anafika Lachitatu, munthu wa zaka za m'ma 50, atavala jekete. Tinawalowetsa mu ofesi, osati pa bedi pamaso pa anthu. Dokotala wa opaleshoni anawaonetsa sikani ziwiri, yakale ndi yatsopano, n'kufotokoza kuti impso yodwalayo inasiya kale ntchito, ndipo mwana wakhala akukodza ndi imodzi miyezi yonseyi. Anawauzanso mosabisa kuti chotupa chikasiyidwa chidzakulanso, ndipo ulendo wachiwiri sichimva mankhwala ngati poyamba. Za usiku uja ndinafotokoza ine, kuphatikizapo kuchedwa kwanga.

Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati:

"Anesi, mawu ndamva. Koma ine munthu wa impso imodzi sindinamuonepo."

Tsiku lomwelo kunali kiliniki ya obwera kudzaonedwanso. Tinapempha mayi wina, amene mwana wake wamwamuna anachitidwa opaleshoni yomweyo zaka zapitazo, ngati angalole kucheza nawo. Analola. Mnyamatayo anakweza malaya kuonetsa chipsera, n'kufunsa ngati angapite kukasewera mpira panja. Ife tinatuluka, tinawasiya akuluakulu okhaokha kwa theka la ola. Zimene anakambirana sindinamve. Atatuluka amalume anafunsa tsiku la opaleshoni.

Za munda tinazithetsa mosavuta kuposa mmene tinkaopera. Agogo anabwera kudzakhala ndi mwana masiku asanu, mayi anapita kukadzala n'kubwerera opaleshoni isanachitike.

Opaleshoni ndi miyezi yotsatira

Chifukwa cha matenda aja opaleshoni inachedwa ndi sabata imodzi, ndipo anapatsidwa vincristine wina podikira. Tepi inali itafika pa 11.9. Impso ya kumanzere inachotsedwa yonse chotupa chisanaphulike, ndipo anatengako timwanabele ta pafupi kukayeza. Chotupa pamodzi ndi impso chinalemera makilogalamu 1.3, chitafwa kale. Tinamuitana wophunzira unamwino uja amene anamulandira kuti adzaone nambala imeneyo.

Zotsatira za ku labu zinatenga masabata atatu. Sitinadikire, mankhwala a pambuyo pa opaleshoni anayamba potengera zimene dokotala anaona m'mimba, ndipo lipoti litabwera linagwirizana naye: siteji 2 pa muyeso wa pamene khansa yafika, timwanabele tilibe khansa. Izi zinatipepukitsa, chifukwa nthawi imeneyo m'dziko muno munalibe makina owotchera khansa ndi cheza (radiotherapy), ndipo siteji 3 ikanafuna kuwonjezera doxorubicin, amene ndi wolemera kwa mwana wotere. Tepi itadutsa 12.5 mlingo unakwezedwa kukhala wonse. Anayamba kuyenda akukhwekhwereza phazi pang'ono, chizindikiro cha vincristine. Dokotala anachepetsa mlingo kawiri ndipo zinatha.

Anatulutsidwa kuti azibwera pa masiku ake. Mu Febuluwale sanabwere. Foni ya mayi inali yozimitsa. Patatha masiku atatu tinaimbira amalume, amene anatiuza kuti mtsinje unadzaza, komanso kuti ndalama ya ulendo imene tinapereka potuluka inagula chimanga. Mwezi wa Febuluwale, pakhomo pa ana anayi, sindikanayembekezera zina. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anakafika pakhomopo pa njinga n'kutitsimikizira kuti mwana ali bwino. Mwana anafika kwa ife atachedwa masiku 16. Pa mawerengedwe a SIOP, kusiya chithandizo ndi kudumpha masabata 4 kapena kuposerapo, choncho m'kaundula sanalowe m'gulu limenelo, koma anayandikira.

Kuchokera pamenepo ndalama yobwerera tinkaitumiza pa foni ya amalume tsiku loti mawa anyamuka, ndipo chiponde chopita nacho kunyumba tinkachiphatikiza ndi ufa wa phala wa ana enawo. Sanadumphenso. Kawiri konse anamubweretsa ndi amalume eni ake, mayi ali kokolola.

Mmene alili

Anamaliza mankhwala atatenthanso thupi kamodzi kokha, ali kunyumba. Ulendo umenewo mayi anakwera kabaza usiku womwewo kupita ku chipatala cha boma, n'kuonetsa tsamba limene tinalemba ndi cholembera chofiira m'buku lake, lonena kuti mwanayu ali pa chemo, akatentha apatsidwe ceftriaxone nthawi yomweyo ndipo atiimbire. Anali malungo. Pansi pa tsamba lomwelo tinalembanso kuti ali ndi impso imodzi, asamapatsidwe Brufen kapena diclofenac mwachisawawa, BP iziyezedwa akabwera.

Anthu a ku yunivesite akafuna kudziwa kulemera kwa ntchito ya wofufuza amawerenga kuti walemba mapepala angati ndipo anzake awatchula kangati. M'wodi yathu anamwino ambiri atsopano dzina la Dr Israels salidziwa, ndipo mayi wa mwanayu sanalimvepo. Tepi ya pa mkono ili m'thumba la yunifomu ya aliyense, ndipo amangoti ndi mmene timachitira kuno. Ola limodzi la antibiotic ndilo likutivutabe. Chilolezo chilipo, koma usiku umene namwino ali yekha ndi ana odwalika atatu, kapena ceftriaxone watha m'kabati, timadutsitsabe.

Chotupa cha Wilms chikafuna kubwerera, nthawi zambiri chimabwerera m'zaka ziwiri zoyamba, kawirikawiri kumapapo kapena pamalo pomwe chinali. Mwanayu wadutsa zaka ziwirizo. Ulendo womaliza sikani ya m'mimba ndi X-ray ya pachifuwa zinali zoyera, impso ya kumanja itakulako monga zimayenera, BP ili bwino, tepi pa 14.6. Anayamba sukulu ya mkombaphala. Tsitsi linamera lofewa kuposa lakale, ndipo mayi amadandaula kuti silimangika. Tinamupatsa tsiku lobweranso pakatha chaka. Nambala ya mayi inali itasinthanso, ndiye pachikuto cha fayilo tinasiya ya amalume.